Miyendo Ija Ndi Yanga

Inde, miyendo ikulendewera kusiling'i pachithunzi chija ndi yanga. Buluku ndi langa, ndipo amene akhala pamphasa atafunda chitenje kumutu, nkhope atalozetsa kukhoma, ndi apongozi anga, mayi ake a mkazi wanga. Wojambulayo ndi mlamu wanga, ndipo za iyeyo tikakambirana kwa ankhoswe. Koma popeza kubawo mwayamba kale kunditchula kuti "a Siling'i", enanso mukufalitsa zoti ndinkathawa angongole, lekani ndifotokoze ndekha.

Choyamba mudziwe kuti nyumba yanga ili ku Ngwenya, ku Area 24, pamtsetse penipeni. Kuti timange tinachita kudula phiri, moti khoma lakumbuyo linatsamira dothi, pomwe kutsogolo timakwera masitepe. Pogula malowo panali chulu chachikulu pakati, ndipo wogulitsa anachita kukweza nacho mtengo, amvekere, "Bwana, njerwa zanu ndi izi, simugula dothi." Tinagumula chulucho, tinaumba njerwa, tinawotcha, tinasalaza, n'kumanga pomwepo. Tsono amene mukuseka, ndiuzeni, ndani mu Lilongwe muno anaonapo chulu papoloti pake n'kuchisiya? Palibe anandiuza kuti eni chulu amakhala pansi pa nthaka ndipo ukagumula pamwamba sasamuka. Iwo anangoona kuti wina wawamangira nyumba ya malata, ya zipinda zitatu, ndi matabwa a paini a ku Chikangawa ngati chakudya cha alendo.

Mkazi wanga akuuza anthu kuti zizindikiro zinalipo. Zinalipodi, koma chilichonse chinali ndi tanthauzo lina lomveka bwino. Chitseko cha kuchipinda chitayamba kuvuta kutseka, ndinati thabwa lafufuma ndi chinyontho. Penti wa pafelemu atatupa matuza, ndinati penti wa masiku ano. Timizere ta dothi lofiira titakwera khoma kuseri kwa kabati, ndinakalipira ana kuti asiye kuseweretsa matope m'nyumba, ndipo wamng'onoyo anavomera mlandu, ndiye ine ndikanatani? Usiku kudenga kunkamveka tswa tswa tswa, ine n'kugamula kuti ndi makoswe, ndipo ndinakatenga mphaka kwa mnzanga ku Kawale. Umu ndi mmene amachitira munthu woganiza.

Kenaka mvula yoyamba inagwa chakumapeto kwa Novembala. Madzulo ake tili pabalaza, patsinde pa felemu ya chitseko panayamba kutuluka ngumbi. Sindikunena ziwiri zitatu zosochera kuchokera panja. Zinkatuluka m'nyumba mwenimwenimo, mzere wosaduka, n'kumazungulira babu mpaka kuwala kunachepa. Ine ndinayika beseni la madzi pansi pa babu, ana atenga tsache, mayi awo ali kale ndi chiwaya pambaula. Anthu amakagula ngumbi pa kambale kumsika wa Mchesi, ena amagona kuchulu ndi muuni wa udzu, ine zikundipeza ndili pasofa. Ndinayitana aneba kuti adzaone madalitso. Tinadyera nsima, zina tinayanika, ndipo jumbo yodzaza tinatumiza kwa apongozi ku Mitundu. Zoti ngumbi zimatuluka pa mudzi wa chiswe umene wakhwima kwa zaka, komanso kuti zikatulukira m'nyumba ndiye kuti mudziwo uli pansi pa mapazi ako, ndinazimva pambuyo pake, nditazidya kale ndi tsabola.

Apongozi anabwera kudzathokoza ngumbi zomwezo. Inu mukudziwa mwambo wathu. Ine ndinanjuta chapatali, ndinawomba m'manja, ndinapereka moni maso ali pansi, n'kuzemba kupita kukhonde. Iwo anakana sofa, anakhala pamphasa pakati pa balaza, mwana wawo n'kuwaikira tiyi. Posakhalitsa mkazi wanga ananditsata n'kundinong'oneza kuti kudenga kukugwa dothi, ndipo lina lagwera mukapu ya amayi. Ndinati makoswe aja. Anati kaoneni. Ndinati mawa. Anangondiyang'ana, ndipo ndinakatenga makwerero.

Ndinalowera pa kachibowo ka siling'i ka mukhola lopita kuzipinda, tochi ya foni ili kukamwa. M'mwamba muja munali mofiira mokhamokha. Mtanda uliwonse unali utamatidwa dothi bwinobwino, kuposa pulasitala amene ndinalipira. Ndinasankha mtanda umodzi wooneka wathanzi, wopanda banga, ndipo ndikubwereza, wopanda banga, pakuti chiswe chimadya mkati n'kusiya khungu lokha. Ndinapondapo phazi loyamba, zili bwino. Lachiwiri. Kunangomveka fwaa, osati phokoso la thabwa lothyoka ayi, koma kaphokoso kaulemu, ndipo ndinapezeka ndatsika mpaka m'khwapa. Mutu ndi mikono zili kudenga, kuyambira pachifuwa kupita m'munsi ndili pabalaza, pamwamba penipeni pa apongozi.

Kunali zii. Fumbi likutsika. Ine sindikuona chimene chikuchitika pansi, ndikungomva mphasa ikulira pamene munthu akutembenuka pang'onopang'ono. Kenaka ndinamva mawu, odekha, ochokera m'kati mwa chitenje.

"Mwaswera bwanji, bambo?"

Anthu inu, munthu amayankha bwanji? Ndinalavula foni. "Ndaswera bwino mayi, kaya inu?"

"Ife taswera. Zikomo chifukwa cha ngumbi zija. Zinali zonona."

"Zikomo mayi, n'zochepa."

Apa thupi linafuna kuchita zimene linaphunzitsidwa. Manja anafuna kuwomba, koma manja omwewo ndi amene ankandigwira, moti nditangoyesa ndinatsetserekanso pang'ono. Miyendo nayo, yokha, popanda kundifunsa, inapinda maondo kuti igwade. Ndinagwada m'malere. Mukayang'anitsitsa chithunzi chija muona kuti maondo ndi opinda, ndipo amene mukuti ndinkapalasa njinga mukulakwitsa, umenewo ndi ulemu.

Pamenepo patapata wa kuphazi lamanja anavuka n'kugwera m'mbale ya shuga. Ana akuti apongozi, osatembenuka ngakhale pang'ono, anatambasula dzanja chakumbuyo, anamutola, anamupukuta ndi nsonga ya chitenje, n'kumuika pansi bwinobwino, molunjika pamene ndikanatera. Atatero anasiya dzanja lili chitambasulire, kudikira winayo.

Ndiye kunabwera agang'a. Amene munakulira kumudzi mukuwadziwa, asilikali a chiswe a mitu ikuluikulu yofiira aja, amene akaluma salekerera, ungawakoke thupi lichoke mutu n'kutsala pomwepo. Ndinali nditawaswera njira yawo, ndipo anabwera kudzafunsa. Analowera pakhosi pa malaya, ena m'lamba, n'kutsikira kumene sindingatchule pagulu. Kukuwa sindingakuwe, apongozi ali pansi. Kukanda sindingakande, manja ali pantchito. Kuvula buluku ndiye musanene n'komwe. Chimene chinatsala ndi miyendo, ndipo inavina yokha, magule onse a m'dziko muno, kuyambira chimtali mpaka ingoma. Wamng'ono uja anayamba kuwombera m'manja. Mkazi wanga, amene ndinalumbira naye kutchalitchi za pamtendere ndi pamavuto, anali kukhitchini atagwira sinki, akulira ndi phwete.

"Iwe," apongozi anaitana mwana wawo, "tawafunsa bambo ngati tiyi amwera komweko."

Aneba atafika panabuka mtsutso, ena akuti timukokere m'mwamba, ena akuti m'munsi. A m'mwambawo anagonja pamene mnyamata amene anakwera anaboolanso pake ndi mwendo umodzi. A m'munsi atakoka, lamba anakola pamsomali, ndipo zinaoneka kuti munthu atsika koma buluku litsala. Apa m'pamene anapempha apongozi kuti akapume kaye mphepo panja. Anadzuka chobwerera m'mbuyo, chitenje chili kumutu, akupapasa khoma, ndipo atafika pakhomo anagwira felemu kuti atsike bwino. Felemuyo inawatsalira m'manja. Akuti anaiyang'ana, anaiyika pansi pambali pa khoma mosamala, n'kunena kuti, "Pepani, ndawononga." Za mmene ndinatsikira sindifotokoza, ndipo amene ali ndi chithunzi chachiwiri ndikumudziwa.

Kuyambira tsiku limenelo aliyense ku Ngwenya anasanduka dokotala wa chiswe. Wina anati phulusa, wina mchere, wina madzi owira. Mlamu wanga wojambula uja anati oyilo wakutha wa galimoto, ndipo ndinamukumbutsa kuti mmisiri wathu anapaka oyilo yemweyo kunsonga za mitanda, chiswe n'kungodutsa pambali kukadya pakati. Mkulu wina wopuma pantchito anati ndifunefune Dieldrin kapena Aldrin, mankhwala a nthawi yawo, koma amenewo analetsedwa kalekale pa pangano la ku Stockholm la 2001 chifukwa amakhalitsa m'nthaka ndi m'matupi a anthu. Anyamata aganyu anati njira ndi imodzi basi, kukumba mpaka kupeza manthu, mayi wa chiswe amene amaikira mazira masauzande tsiku lililonse. Ndinawafunsa kuti akumba pati. Analoza pansi pa sofa. Tinagwirizana kuti akakumbe kachulu kena kamene kali kumtunda kwa mpanda, ndipo anabweradi ndi manthu woyera, wonenepa, wotalika kuposa chala changa, ali m'kanyumba kake ka dothi louma. Ndinalipira, ndinamuyang'ana m'maso, ndinamuuza mawu angapo. Usiku womwewo kudenga kunamvekanso tswa tswa tswa. Tinapha mayi wa eni ake ena.

Pomaliza ndinaitana wodziwa ntchito ya mankhwala, ndipo mkazi wanga anayamba wamufunsa chiphaso cha ku Pesticides Control Board, popeza tsopano m'nyumba muno mafunso amafunsa ndi iyeyo. Munthuyo anangotulutsa sikuludiraiva n'kumagogoda ndi chigwiriro chake pamafelemu, pakabati, pamiyendo ya bedi. Pabwino pankalira go go, podyedwa pankalira phu phu, ndipo nyumba yanga inalira phu phu kwambiri. Kenaka anazungulira kumbuyo, n'kuima, n'kupukusa mutu nthawi yaitali kuposa mmene zinafunikira. Dothi la phiri linali litakwirira pulasitiki wakuda uja amaika pamwamba pa maziko, pamene pamafunika kuti khoma lionekere masentimita 15 kuchokera pansi kufika papulasitikiyo, kuti tinjira ta chiswe uzitiona tikamakwera. Madzi onse otsika kumtunda, kuphatikiza a padenga, ankathera pakhoma lomwelo, ndipo chiswe chimafuna chinyezi kuposa china chilichonse. Nkhuni ndinaunjika motsamira khoma. Matabwa a mashatala amisiri anawakwirira momwemo. Panalinso chitsa chimene tinachita nacho ulesi kuzula. Anandifunsa ngati tinathira mankhwala m'nthaka tisanathire simenti ya pansi, ndinati ndalama yake inapita ku matailosi, ndipo matailosiwo ndi okongola, aliyense amanena.

Ntchito yake inali yokumba kangalande kuzungulira nyumba yonse n'kuthiramo mankhwala a fipronil, kenaka kuboola pansi m'mbali mwa makoma, bowo lililonse pafupifupi masentimita 30 kuchokera pa linzake, kupopera mankhwala m'menemo n'kutseka. Anaboola matailosi omwe aja. Anandiletsa kupopera mankhwala a udzudzu pa tinjira ta dothi, akuti fipronil sapha pompopompo, chiswe chimadutsamo osadziwa n'kukapatsira anzake kumudzi kwawo, ndiye ukachibalalitsa wawononga ntchito. Anakananso kuthira tsiku la mvula, chifukwa pamtsetse madzi angakokolole mankhwalawo kupita kuzitsime za okhala kumunsi, ndipo amapha nsomba ndi njuchi. Ine anandisiyira ntchito yanga, kuchotsa dothi kukhoma lakumbuyo, kumanga ngalande yopatutsa madzi a kuphiri, kusamutsa nkhuni, ndi kusintha mitanda ndi matabwa onyikidwa kale m'mankhwala, obiriwira aja, otsalawo n'kuwapaka mankhwala oteteza matabwa otchedwa Solignum. Ndipo anati ngumbi zikadzatulukanso pakhomo pano, zisadyedwe. Ana analira pamenepo kuposa tsiku limene bambo awo analendewera.

Ndalama inathera pamitanda, choncho mabowo awiri a siling'i tatseka ndi makatoni kaye. Mphaka wa ku Kawale uja sanagwirepo khoswe ngakhale mmodzi, popeza kunalibe. Anapeza njira yokwerera kudenga ndipo waswera komweko, tikumva ana ake akulira usiku. Mkazi wanga akuti wina akwere akawatsitse. Wofuna mphaka abwere ndi makwerero ake.