Mlonda wanga anathamangitsa mwini nyumba

Pulogalamu yanga inali ndi ntchito imodzi yokha: kuonetsetsa kuti wotulutsa ndalama mu kontrakiti yathu (pulogalamu yosunga ndalama) ya pa Ethereum, netiweki ya ndalama za pa intaneti, ndi mwiniwake. Mwiniyo amasaina ndi kiyi yake yachinsinsi, siginecha n'kubwera ya mabayiti 65, m'zidutswa zitatu: r, s ndi kamchira kotchedwa v. Mu Solidity, chinenero cholembera makontrakitiwa, muli ecrecover, yomwe imatenga zidutswazi pamodzi ndi hashi ya uthenga (nambala yoimira uthengawo mwachidule) n'kukubwezera adiresi (nambala ya akaunti) ya amene wasaina. Iwe kwako n'kungoifananitsa ndi adiresi ya mwini. Timizere tiwiri basi. Ndinauza abwana kuti zimenezi ndimaliza ndisanaweruke.

Abwana, omwe ndiwo mwiniwake, anasaina, kontrakiti inakana. Anasainanso, inakananso.

Ndiye ndinayamba kuloza zala aliyense kupatula ine. Poyamba ndinati vuto ndi hashi, poti Ethereum imapanga hashi ndi njira ya Keccak-256, yomwe imasiyana pang'ono ndi SHA3-256 imene bungwe la ku America la NIST linakhazikitsa mu 2015. Ndinayang'ana, hashi inali bwinobwino. Kenako ndinakumbukira kuti waleti, pulogalamu yosunga makiyi, ikamasaina uthenga imaphatika kutsogolo mawu akuti "Ethereum Signed Message" ndi kutalika kwa uthengawo. Ndinawaika, ndinawachotsa, ndinawabwezeranso. Palibe. Ndinafika pouza abwana, mopanda n'komwe manyazi, kuti mwina asaina ndi akaunti yolakwika. Anandiyang'ana modutsitsa maso pamwamba pa magalasi, osayankha.

M'mawa mwake ndinalowa maso ali gwa, tulo ndisanaone. Mnzanga wokhala desiki yoyandikana nane anati, "Aise, tabwera nayo ndiione." Iyeyu ndi munthu waulesi wodziwika, moti kutsegula waleti anaona kuti n'kutalika. Pamalo pa siginecha anangodinda maziro okhaokha, n'kutumiza, akuti angofuna aone uthenga wokanira.

Kontrakiti inavomera. Ndalama zonse psiti, kulowa mu akaunti yake.

Mwayi wake tinali pa Sepolia, netiweki yoyeserera, kumene ndalama yake, ETH, ndi yongophunzirira. Koma thukuta lomwe linatsika pamsana panga silinali loyeserera ayi.

Nkhani yake inali iyi. Siginecha ikakhala yosamveka, mwachitsanzo v akakhala kuti si 27 kapena 28, ecrecover siikuwa kapena kuimitsa chilichonse. Imangobweza adiresi ya maziro mwakachetechete. Ndipo mu Solidity, malo a adiresi amene sunaikemo kanthu amakhala maziro omwewo. Ine pofulumira kukaweruka ndinaiwala kulembamo adiresi ya abwana. Choncho abwana akasaina bwinobwino, panatuluka adiresi yawo yeniyeni, yomwe sikanafanana ndi ziro, n'kukanidwa. Wobwera ndi zinyalala ankatulutsa ziro, ziro n'kufanana ndi ziro, chitseko bwamu. Ndinalemba mlonda wothamangitsa mwini nyumba n'kunyamulira wakuba katundu mpaka pageti.

Mnzanga uja anaseka mpaka misozi, kwinaku akundikumbutsa kuti laibulale ya ECDSA ya OpenZeppelin, khodi yolembedwa kale yotsimikizira masiginecha, imakana yokha adiresi ya maziro, ndipo inalipo kale mu pulojekiti yathu. Ndinaisiya dala, ati kufuna kuonetsa kuti ndine katswiri.

Abwana anamvetsera zonse atapinda manja. Kenako anakoka mpando, n'kukhala pafupi nane.

"Ndiye mukuti aliyense padziko lapansi akanatha kutulutsa ndalamazi?"

"Ayi bwana, si aliyense," ndinatero. "Kupatula inuyo."