Ilala yafika ku Chilenje pa basi

Lachiwiri. Ndinalawirira ku Intercity, siteshoni ya mabasi ya muno mu Lusaka, kukachingamira amalume ochokera ku Mangochi. Atsika basi atakumbatira katoni yaitali ngati mwana wodwala, chikwama cha zovala osachilabadira n'komwe. Kondakita wa minibasi amati aiponye kumbuyo pamodzi ndi matumba a anthu ena, amalume anakana kwamtuwagalu, mpaka tinailipirira mpando wakewake. Ine mumtima ndimati mwina muli chambo chouma.

Titafika kunyumba anamasula zitenje ziwiri zimene anakulungira, ndipo panatuluka sitima. Ilala yeniyeni, ija ya pa Nyanja ya Malawi, koma yokwana pa tebulo.

Amalumewa anakalambira pa ntchito yowotcherera zitsulo ndi kukonza sitima ku Monkey Bay. Atapuma anayamba kupanga kasitimaka ndi mlombwa, malata a zitini ndi waya. Si choseweretsa ayi. Akuti masentimita 2 alionse akuyimira mita imodzi, ndiye poti Ilala ndi yaitali mamita pafupifupi 52, kawoka n'kopitirira mita pang'ono. Ndinatenga tepi ya atelala kuti ndiwagwire bodza: masentimita 104. Anangondiyang'ana, n'kupempha tiyi.

Chimene chinandigwira mtima ndi kunsi kwake. Ndinakwerapo Ilala kamodzi ndili mnyamata, kuchoka ku Nkhata Bay kupita ku Likoma, ndipo zimene ndimakumbukira ndi fungo la usipa ndi dizilo, matumba a chimanga, nkhuku zomangidwa miyendo, ndi mseru umene mwera unandipatsa usiku wonse. Zam'madzi sindinaziganizirepo. Lero amalume anakatembenuza chagada, n'kuyendetsa chala pamsana pake kuyambira kumphuno mpaka ku pulopela ndi chiwongolero, akulongosola mmene mimba ya sitima imagawira mafunde. "Mphwanga, okwera amaona penti. Ife timaona apa." Ngakhale mizere yolumikizira zitsulo anailemba ndi nsonga ya msomali.

Mizereyo ili ndi nkhani. Ilala inamangidwa ndi kampani ya Yarrow ku Scotstoun, mumzinda wa Glasgow, mu 1949. Nyanja yathu ilibe njira yoti sitima yotere ilowere kuchokera kunyanja yamchere, choncho anaimasula zidutswazidutswa, n'kuibweretsa ku Beira, kenako pa njanji mpaka ku Chipoka. Inayamba kunyamula anthu ndi katundu mu 1951. Amalume akuti ngati yaikuluyo inakwera sitima yapamtunda, palibe chachilendo kuti yawoyi ikwere basi.

Masana ana a m'nyumba zoyandikana anadzaza pakhomo. Ambiri madzi aakulu amene anaonapo ndi mtsinje wa Kafue ali pa mlatho. Kamnyamata kena, katswiri wa magalimoto a waya, kanasuzumira kunsi nthawi yaitali n'kufunsa kuti, "Agogo, nanga mateyala ali kuti?" Tinaseka mpaka misozi, koma amalume anakayankha modekha ngati akuyankha kapitawo.

Bambo a pafupi nafe, a ku Serenje, anabwera kudzalonjera mlendo ndipo mkangano unabuka pomwepo. Iwo akuti dzinalo ndi la kuno ku Zambia, ndipo sakunama: Ilala ndi dera la kwa Chitambo kumene David Livingstone anamwalirira mu 1873. Amishoni a ku Scotland atabweretsa sitima yawo yoyamba pa nyanja mu 1875 anaitcha dzinalo pomukumbukira, ndipo ya lero inalowa dzina la imeneyo. Kenako anayamba kutama Liemba ya pa Tanganyika, ija Ajeremani anamanga mu 1913, yodziwika ku Mpulungu, ati ndiye mkulu wake. Amalume anavomera za ukulu, zina zonse anakana.

Chokhumudwitsa n'chimodzi. Ka boti kamodzi mwa tija topachikidwa m'mbali kathyoka panjira, mwina m'mabampu a ku Luangwa. Ine ndinati n'kakang'ono, palibe angaone. Ndinalakwitsa. Anandikumbutsa kuti ku Likoma kuja sitima inaima patali ndi gombe, ndipo amene ananditula pamchenga ndi mabotiwo, madzi akulekeza m'mawondo, katundu ali pamutu.

Magetsi anazima cha m'ma 7, ndiye amata ka botiko ine nditawaunikira ndi foni. Mawa akufuna tikayende ku Kamwala kukasaka tcheni kakang'ono ka nangula, ati kamene kalipoka mphete zake zakula kuposa muyeso.