Zikomo kwa onse amene munandigwira dzanja pa kafukufuku wa pulasitiki wa m'nyanja

Abale ndi alongo, kafukufuku wanga wa digiri yachiwiri wavomerezedwa. Pachikuto pali dzina langa lokha, koma manja amene anagwira ntchitoyi ndi ambiri, ndipo ndikufuna ndiwathokoze poyera.

Ndiyambe ndi inu asodzi a ku Senga Bay ndi ku Chembe, komanso amayi oyanika usipa pathandala. Mlendo wobwera ndi mabotolo agalasi n'kumapempha matumbo a nsomba ndi mchenga wa pagombe, mukanatha kumukayikira. Inu munandifunsa chimene ndikufuna, ndinakufotokozerani kuti ndi tizidutswa ta pulasitiki tosapitirira mamilimita 5, ndipo munandipatsa mwaulere. Mulungu akudalitseni.

Kupeza tizidutswato n'kovuta, koma kudziwa mtundu wake n'kovutirapo. Matumbo timawasungunula m'mankhwala otchedwa potassium hydroxide, mchenga timauvundula m'madzi amchere kuti zopepuka ziyandame, kenaka timasefa. Zotsala pasefa, ukaziyang'ana pa maikulosikopu, umaona tiulusi tabuluu ndi tizibenthu toyera. Diso limathera pamenepo. Kaulusi kabuluu kakhoza kukhala thonje lonyika mu utoto, osati pulasitiki ayi, ndipo ukakawerengera molakwika wanamiza dziko.

Apa ndi pamene ndikuthokoza kwambiri bambo oyang'anira labu ku South Africa kumene ndimaphunzira, amene anandiphunzitsa makina a FTIR modekha. Kachidutswa umakapanikiza pa kamwala ka dayamondi, makina n'kukawalitsa ndi kuwala kosaoneka ndi maso kotchedwa infrared. Pulasitiki aliyense amamwa mbali yakeyake ya kuwalako malinga ndi mmene maatomu ake analumikizirana, ndipo pakompyuta pamatuluka mzere wa nsonga umene uli ngati chidindo cha chala. Polyethylene, amene amapangira majumbo, amaonetsa nsonga ziwiri zakuthwa cha pa 2915 ndi 2848 cm⁻¹ (manambala osonyeza malo a nsonga pamzerewo). Polypropylene wa matumba a feteleza ndi zingwe amadziwika ndi ina cha pa 1377. Nayiloni wa maukonde ali ndi yake cha pa 3300. PET amaonekera cha pa 1715, ndipo ameneyu anandidabwitsa: botolo la chakumwa ndi malaya a polyester a pakaunjika ndi pulasitiki mmodzi yemweyo.

Bambowa sankalola kuti ndingokhulupirira dzina limene kompyuta yasankha. Pulasitiki wokhalitsa padzuwa amasintha, pamzere wake pamamera nsonga yatsopano, ndipo kompyuta imatha kusokonezeka. Ankandiuza kuti ndiwerenge mzerewo ndekha, nsonga ndi nsonga. Ankaonetsetsanso kuti ndavala zathonje zokhazokha m'labu, kuopa kuti ulusi wa juzi yanga ungagwere pasefa n'kuwerengedwa ngati wa m'nyanja. Bambo, luso limeneli ndipita nalo kwathu.

Ena amafunsa kuti kudziwa mtundu kuli ndi phindu lanji. Kwa ine yankho ndi lakuti mtundu umatilozera kumene chinthucho chachokera. Boma la Malawi linaletsa mapulasitiki opyapyala osakwana ma micron 60 (micron ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita) mu 2015, Khoti la Supreme linagwirizana nazo mu 2019, ndipo mayi Gloria Majiga-Kamoto analandira mphoto ya zachilengedwe ya Goldman mu 2021 chifukwa cholimbikira nkhondoyi. Koma lamulo lotere limafuna umboni wa zimene zilidi m'madzi mwathu, kaya ndi majumbo, maukonde kapena zovala.

Nthawi yowawa inali November 2023, kwacha itagwa mphamvu ndi 44 peresenti. Ndalama imene kunyumba ankanditumizira inasanduka yosakwana ngakhale lendi, ndipo ndinayamba kulongedza katundu. Amayi anga, munakatenga ngongole kubanki m'khonde osandiuza, ndinamva kwa achemwali patapita nthawi. Ndilibe mawu okwanira. Achimwene, munagulitsa chimanga chimene munasungira banja lanu. Amalawi anzanga a ku Johannesburg amene timapemphera limodzi, munasonkha kangachepe mpaka fizi inakwana.

Aphunzitsi anga ondiyang'anira, zikomo powerenga zolemba zanga mobwerezabwereza osatopa. Ndipo kwa achinyamata amene mukuphunzira chemistry kwathu ku Malawi n'kumafuna kuyamba ntchito yotereyi, ndilembereni. Ndikuonetsani kasefedwe, kasungidwe ka zoyeza ndi kawerengedwe ka mizere ija, monga ena anandionetsera ine.