Chimene Chimadwalitsa Anthu pa Ntchito

Pali funso limene akatswiri a zaumoyo akhala akulifufuza kwa zaka zoposa 50, ndipo ine limandikhudza kwambiri: n'chifukwa chiyani anthu awiri amene amalowa pa chipata chimodzi m'mawa uliwonse amatha kusiyana kwambiri pa thanzi, wina n'kufika popuma pa ntchito ali wamphamvu pamene mnzake wayamba kale kudwala mtima? Ambiri timaganiza kuti chimene chimafooketsa munthu ndi kukula kwa udindo, moti timamvera chisoni mabwana amene amasenza nkhawa za kampani yonse. Zimene ofufuza anapeza zinatsutsa maganizo amenewa, ndipo zimandidabwitsa kuti mpaka lero mabungwe ambiri amayendetsa zinthu ngati sanazimvepo.

Mu 1967 ofufuza ku London anayamba kutsatira umoyo wa amuna pafupifupi 18,000 ogwira ntchito m'boma la Britain, pa kafukufuku wodziwika ndi dzina loti Whitehall. Anthu amenewa sanali amphawi. Onse anali pa ntchito yokhazikika, ankalandira malipiro mwezi ndi mwezi, ndipo onse ankatha kupita kuchipatala kwaulere chifukwa cha dongosolo la zaumoyo la dziko lawo. Michael Marmot ndi anzake atasanthula za imfa zimene zinachitika m'zaka zotsatira, anapeza kuti amuna a m'gulu lotsika kwambiri, monga amesenjala ndi alonda a pakhomo, ankamwalira kuwirikiza pafupifupi katatu poyerekeza ndi akuluakulu a pamwamba penipeni. Chochititsa chidwi kwambiri chinali chakuti kusiyanaku kunkaoneka pa mlingo uliwonse wa udindo: amene anali wachiwiri kwa mkulu anali ndi thanzi locheperako kuposa mkuluyo, womutsatira locheperakonso, mpaka kufika pansi. Kusuta fodya, kuthamanga kwa magazi ndi kuchuluka kwa mafuta m'magazi zinafotokoza gawo chabe la kusiyanaku, ndipo gawo lalikulu linatsala lopanda yankho.

Pofuna kupeza yankholo, mu 1985 anayambitsa kafukufuku wachiwiri amene anaphatikizamo amayi, ndipo anthu onse anaposa 10,000. Ulendo uno anafunsa anthuwo mwatsatanetsatane za mmene tsiku lawo la ntchito limayendera. Chinthu chimene chinaonekera kwambiri chinali mphamvu zimene munthu ali nazo pa ntchito yake: kodi amatha kusankha chimene ayambe nacho, liwiro limene agwirire, ndiponso njira imene atsate? Amene analibe mphamvu zoterozo ankadwala mtima kwambiri kuposa anzawo, ndipo zimenezi zinafotokoza mbali yaikulu ya kusiyana kwa pakati pa apamwamba ndi apansi.

Zimenezi zinagwirizana ndi zimene wofufuza wina, Robert Karasek, anali atalemba mu 1979. Iye ananena kuti ntchito iyenera kuyesedwa pa zinthu ziwiri nthawi imodzi, kuchuluka kwa zimene munthu akufunika kuchita ndi ufulu umene ali nawo posankha mmene azichitire. Ntchito yochuluka yokhala ndi ufulu wambiri imatopetsa, koma imakulitsanso luso la munthu ndipo nthawi zambiri amaikonda. Imene imawononga ndi yochuluka koma yopanda ufulu. Taganizirani za munthu amene ntchito yake ndi kuyankha mafoni a makasitomala. Wavala zomvetsera m'makutu kuyambira m'mawa, ndipo pa kompyuta yake pali wotchi imene ikuwerenga masekondi a foni iliyonse. Mawu amene ayenera kunena anamulembera kale, ngakhale akuona kuti sakuthandiza munthu amene akulira kumbali inayo. Foni ikangoduka ina imalowa yokha asanapume, ndipo akafuna kupita kuchimbudzi ayenera kudina batani limene limauza woyang'anira kuti wachoka pampando ndiponso kwa mphindi zingati. Munthu ameneyu sananyamule chinthu cholemera tsiku lonse, komabe amaweruka thupi lili lolefuka ndipo usiku tulo sitibwera msanga.

Ndiyenera kunena mosapita m'mbali kuti ngozi imeneyi ili ndi malire ake, chifukwa nkhani ngati izi zimakonda kukokomezedwa. Mu 2012 Mika Kivimäki ndi anzake anaphatikiza zotsatira za kafukufuku wa m'mayiko angapo a ku Ulaya, wokhudza anthu pafupifupi 200,000, ndipo anapeza kuti ntchito yopanikiza motere imawonjezera mpata wodwala mtima ndi 23 peresenti. Fodya amawononga kuposa pamenepa. Komabe munthu angathe kusiya fodya mwa kufuna kwake, pamene mmene ntchito yake inakonzedwera zili m'manja mwa anthu ena, ndipo amene akhudzidwa ndi ochuluka zedi.

Pali zinanso zimene zinatsimikizika pambuyo pake. Johannes Siegrist wa ku Germany anasonyeza mu 1996 kuti thanzi la munthu limawonongeka pamene khama lake silikufanana ndi zimene amalandira, ndipo polankhula za zolandira ankatanthauza malipiro, ulemu, mwayi wokwezedwa ndiponso chitsimikizo chakuti ntchito yake sitha mawa. Za maola nazo n'zoopsa. Mu 2021 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO ndi loona za ntchito la ILO analengeza kuti m'chaka cha 2016 anthu pafupifupi 745,000 anamwalira ndi sitiroko ndi matenda a mtima chifukwa chogwira ntchito maola 55 kapena kuposerapo pa mlungu, ndiponso kuti maola oterowo amawonjezera ngozi ya sitiroko ndi 35 peresenti poyerekeza ndi maola 35 mpaka 40.

Tsono umboni wonsewu ukuloza ku kakonzedwe ka ntchito, koma zimene mabungwe ambiri amachita akafuna kuonetsa kuti amasamala antchito awo zimalunjika pa wantchitoyo. Amamuitanira ku maphunziro a kupirira, amamupatsa pulogalamu ya pafoni yomuthandiza kupuma mofatsa, amamuyeza sikelo ndi kumulimbikitsa kuchita masewera olimbitsa thupi. Sindikukayikira kuti ambiri amene amakonza zimenezi amakhala ndi mtima wabwino, koma ofufuza anaziyesa, ndipo zotsatira zake n'zokhumudwitsa.

Kuyesa kumene ndimakuona kuti n'kofunika kwambiri kunachitika pa yunivesite ya Illinois ku Urbana-Champaign, m'dziko la America, ndipo zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2019. Damon Jones, David Molitor ndi Julian Reif anatenga antchito pafupifupi 5,000 a pa yunivesiteyo n'kuwagawa mwa maere, ena n'kupatsidwa mwayi wolowa m'dongosolo losamalira thanzi pamene ena sanapatsidwe. Patapita nthawi, magulu awiriwa sanasiyane kwenikweni pa ndalama zolipira kuchipatala, pa masiku ojomba chifukwa cha matenda, ngakhale pa kagwiridwe ka ntchito. Koma ofufuzawa anachitanso chinthu china chanzeru. Anayerekeza anthu amene analowa m'dongosololo mwa kufuna kwawo ndi amene anakana, monga mmene malipoti ambiri a makampani amachitira, ndipo pamenepo dongosololo linaoneka ngati lathandiza kwambiri. Chifukwa chake chinali chakuti amene analowa anali athanzi kale asanalowe, ankachita kale masewera ndipo ankawononga kale ndalama zochepa kuchipatala. Dongosololo linangosonkhanitsa anthu athanzi pamodzi, ndipo aliyense wowerenga lipoti lotere mosasamala akanaganiza kuti ndilo linawapatsa thanzilo. Mu 2024 William Fleming wa ku yunivesite ya Oxford anasanthula mayankho a antchito oposa 46,000 a ku Britain, ndipo nayenso anapeza kuti amene analowa m'maphunziro ochepetsa nkhawa, a kupirira ndi ena otere sanali bwino kuposa anzawo amene sanalowe.

Chimene chimandipweteka pa nkhaniyi ndi uthenga umene wantchito amalandira. Namwino amene akusamalira odwala ochuluka kuposa mmene munthu mmodzi angathere, akauzidwa kuti apite ku maphunziro a kupirira pa nthawi yake yopuma, amamva kuti vuto ndi iyeyo, kuti ndi wofooka, kuti anzake akupirira koma iye akulephera. Pamenepo wasenzetsedwa katundu wachiwiri pamwamba pa woyamba uja. Christina Maslach, amene wafufuza za kutoperatu ndi ntchito kuyambira m'zaka za m'ma 1970, wakhala akunena kuti gwero la vutoli liyenera kufunidwa pa malo a ntchito, ndipo mu 2019 bungwe la WHO linalongosola kutoperatu kumeneku monga chinthu chochokera ku kupanikizika kwa pa ntchito kumene sikunathetsedwe.

Funso loyenera ndi lakuti kodi kusintha kakonzedwe ka ntchito kumathandizadi, kapena nako ndi maganizo chabe. Erin Kelly ndi Phyllis Moen anayesa zimenezi pa antchito a zamakompyuta a kampani ina yaikulu ya ku America, imene dzina lake sanaliulule. Anagawa magulu a antchito mwa maere. Magulu ena anapitiriza monga kale, pamene ena anapatsidwa ufulu wosankha nthawi ndi malo ogwirira ntchito popanda kupempha chilolezo nthawi zonse, anakhala pansi n'kuchotsa misonkhano imene inalibe phindu, ndipo oyang'anira awo anaphunzitsidwa kuyang'ana zotsatira za ntchito m'malo mowerenga maola amene munthu wakhala pa desiki, komanso kusonyeza chidwi pa moyo wa antchito kunja kwa ofesi. Pa zotsatira zimene zinatuluka mu 2016, antchito a m'magulu osinthidwawo anali osatoperatu, a nkhawa zochepa ndiponso okhutira ndi ntchito yawo kuposa anzawo, ndipo pambuyo pake zinaonekanso kuti ochepa mwa iwo ankasiya ntchito.

Kusintha kotereku sikufuna ndalama zambiri, koma kumafuna kuti amene ali ndi mphamvu agawireko ena, ndipo ndikuona kuti apa ndi pamene pagona vuto. Kulembetsa antchito ku maphunziro a tsiku limodzi sikusintha udindo wa wina aliyense, pamene kulola kalaliki kukonza yekha ndondomeko ya tsiku lake kumatanthauza kuti woyang'anira wake avomereze kusadziwa chimene kalalikiyo akuchita ola lililonse. Pa kampani ya ku America ija, ngakhale umboni unalipo ndipo antchito ankaikonda njira yatsopanoyo, kampaniyo itaphatikizidwa ndi ina oyang'anira atsopano anaithetsa, ndipo antchito anabwerera ku malamulo akale.