Musanasiye Physics ndi Chemistry mu Fomu 3

Ana athu kuno ku Kasungu akalowa Fomu 3 amasankha maphunziro amene adzalembe pa MSCE, ndipo ambiri amasankha mothamanga, potsatira anzawo kapena poopa mphunzitsi wina wake. Makolo nafenso nthawi zambiri timangomva zitatha kale.

Tiyambe ndi mmene MANEB imawerengera. Magiredi amayambira 1 mpaka 9: 1 ndi 2 ndi distinction, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi kungodutsa, 9 ndi kulephera. Mapointi timanyadira aja amachokera pa maphunziro 6 amene mwana wakhoza bwino, n'chifukwa chake mapointi 6 ndiwo apamwamba zedi. Chingerezi chili ndi lamulo lakelake: ukachilephera satifiketi palibe, ngakhale Masamu utapeza 1. Kuti NCHE, bungwe loona za maphunziro apamwamba, ikuganizire malo m'mayunivesite a boma pamafunika makirediti 6, Chingerezi chili momwemo.

Vuto limayambira apa. Mwana amathawa Physics ndi Chemistry n'kudzaza History ndi Bible Knowledge kuti mapointi atsike. Amatsikadi, koma pofunsira malo amapeza kuti pulogalamu iliyonse ili ndi maphunziro ake amene imafuna. Zaudokotala ku KUHeS zimafuna Biology, Chemistry, Physics ndi Masamu. Uinjiniya ku MUBAS kapena ku MUST sungauyambe popanda Masamu ndi Physics. Zaulimi ku LUANAR nazo zimatsamira pa sayansi. Makolo amene munalemba Physical Science, dziwani kuti masiku ano inagawidwa pawiri, Physics ndi Chemistry, ndiye kusiya mbali imodzi ndi nkhani yaikulu. Sindikunyoza History ayi. Wofuna zamalamulo kapena utolankhani aitenge ndi mtima wonse. Chimene chimandipweteka ndi mwana wokhoza bwino Masamu kusiya sayansi chifukwa cha mantha basi.

Manthawo ali ndi chifukwa chake: masukulu ambiri a CDSS alibe labotale yokwanira, pamene pepala la pulakitiko likudikira. Komatu malikisi ambiri pa pepala limenelo amachokera pa ndondomeko ndi kalembedwe, zinthu zimene mwana angazolowere ndi zipangizo zochepa.

Tengani kuyesa zakudya mu Biology. Dontho la ayodini pa chinangwa kapena pa ufa limasanduka labuluu wakuda ngati muli sitachi. Mtedza mukautikita pa pepala umasiya banga loonekera kuwala limene siliuma, pamene banga la madzi limauma n'kuzimiririka. Umenewo ndiwo umboni wa mafuta. Madzi a soya wosinja akasakanizidwa ndi mankhwala a Biuret amasanduka apepo chifukwa cha mapuloteni. Benedict's, mankhwala oyesera shuga, ndiye amagwetsa ambiri. Muyezo wake ukhale wofanana ndi wa madzi a chakudyacho, mwachitsanzo 2 cm³ ndi 2 cm³, kenaka chubu chiikidwe m'madzi otentha kwa mphindi pafupifupi 5. Mtundu umachoka pa buluu, kubiriwira, chikasu, mpaka kufiira ngati njerwa yowotcha. Ukapanda kutenthetsa sipasintha kanthu. Shuga wa m'tiyi nayenso sasintha mtunduwo chifukwa ndi sucrose, shuga amene Benedict's samuonetsa, choncho poyeserera gwiritsani ntchito nthochi yakupsa kapena anyezi. Polemba, zimene maso aona zikhale pazokha, tanthauzo lake pazokha. Funso likati lemba zimene waona, iwe n'kuyankha kuti "muli sitachi", malikisi apita.

Chojambula chikhale cha pensulo yosongoka, chachikulu, chopanda kudetsa mkati, ndipo mizere yolozera mayina isadutsane. Magnification ndi utali wa chojambula kugawa ndi utali wa chinthu chenichenicho: khoko la mtedza la 3 cm lojambulidwa 12 cm ndi ×4. Ambiri amayeza china mu mamilimita china mu masentimita, yankho n'kusokonekera.

Mu Physics, pendulum, chinthu cholendewera chimene chimapita uku ndi uku, imangofuna ulusi, kamwala ndi wotchi ya pafoni. Ulusi wa mita imodzi umatenga masekondi pafupifupi 2 kupita ndi kubwerera. Musayeze ulendo umodzi, chala sichingafulumire mokwanira. Yezani maulendo 20 n'kugawa nthawiyo ndi 20. Kupita kokha si ulendo wathunthu, ndipo poyamba kuwerenga nenani 0, osati 1. Sinthani utali wa ulusi kasanu, lembani mu tebulo, jambulani girafu yodzaza kuposa theka la pepala, mbali zonse ziwiri zili ndi dzina ndi muyezo wake.

Agriculture ana a kuno amaiderera poganiza kuti anakulira m'munda wa fodya ndi chimanga. Imawagwetsa ndi masamu ake. Mizere yotalikirana 75 cm, mapando 25 cm, mbewu imodzi pa phando: 10,000 (masikweya mita a mu hekitala) kugawa ndi 0.75 × 0.25 kumapereka mbewu pafupifupi 53,333 pa hekitala. Woiwala kusintha masentimita kukhala mamita amapeza nambala yopanda mutu. Chimodzimodzi feteleza: urea ali ndi 46 peresenti ya nayitirojeni, ndiye thumba la 50 kg lili ndi 23 kg.

Pa chiwerengero cha maphunziro, ine ndimalangiza 8. Akakhala 6 okha, pepala limodzi likavuta zonse zawonongeka; akachuluka kwambiri nthawi yowerenga imamwazika. Ndipo nthawi yolembetsa mayeso ikafika mu Fomu 4, mwana aone yekha pa mndandanda wa kusukulu kuti dzina lake, tsiku lobadwa ndi phunziro lililonse zalembedwa molondola asanasayine, chifukwa kukonza zimenezi mayeso atayandikira kumavuta kwambiri.