Santa Rosa tinakamuona m'minda itatu

Nkhani ya pulamu wa Santa Rosa inadya misonkhano yambiri ya gulu lathu. Zaka zingapo zapitazo tinagawana timitengo tokwatitsa kuchokera ku mtengo umodzi, aliyense n'kukabzala kuseri kwa nyumba yake. Itakula, ena ankati palibe pulamu woposa ameneyu, ena ankati bola kungodula n'kubzalapo china. Ine ndinali mbali ya odula. Potsiriza tinamvana kuti tileke kukangana, tikwere basi tikadzionere tokha.

Tili m'njira mlembi wathu anatikumbutsa kumene mtunduwu unachokera. Anautulutsa ndi Luther Burbank wa ku California mu 1906, ndipo dzinalo ndi la mzinda womwe iyeyo ankakhala. Uli m'gulu la mapulamu otchedwa a ku Japan, ngakhale kwawo kwenikweni ndi ku China. Mitengo imeneyi imayoyola masamba n'kugona nyengo yozizira, ndipo kuti idzuke bwino imafuna kuzizira kosapitirira madigiri 7 kwa maola okwanira. Santa Rosa amafuna maola 300 mpaka 400. Mawu amenewa ndinawamvetsa titafika pamunda woyamba.

Mundawu uli kuchigwa kotentha, konga kwathu. Mtengo unali wamtali, wothiriridwa bwino, manyowa osasowa, koma nthambi zake zinali mbee pakati, masamba atangounjikana kunsonga. Panthambi imodzi panali duwa, kachipatso kongoyamba kumene, ndi chipatso china chofiira kale. Mwini wake, bambo wachikulire wosamala kwambiri mitengo, anati: "Ana anga, mtengo uwu sugona tulo tokwanira, ndiye umadzuka mbali imodzi." Ndinaima pamenepo nthawi yaitali, chifukwa mtengo wanga ndi chimodzimodzi. Zaka zonsezi ndinkaloza chala dothi ndi feteleza, osaganizako za kuzizira.

Munda wachiwiri kumazizira ndithu, koma mvula imagwa zipatso zikamapsa. Zipatso zinalipo zambiri, kungoti zina zinali zong'aluka, zina zikuola ndi nkhungu yotuwa pakhungu. Zouma zimene zimatsalira m'mwamba ndizo zimasunga matendawa mpaka chaka china, choncho tinathandizana kuzithyola n'kuzikwirira. Tinalangizanso mnzathu mwini mundawo kuti adulire nthambi zapakati, mtengo ukhale ngati mbale, mphepo ndi dzuwa zizilowa. Sitinakhalitsepo.

Kumapiri ndi kumene tinathera tsiku lonse lachiwiri. Usiku kumazizira, masana dzuwa louma. Mtengo wa mayi amene anatilandira unali waufupi, wotambalala, nthambi zitawerama. Zipatso anazipatulira zidakali zazing'ono, kusiya mpata wa masentimita 10 mpaka 15, ndipo zotsalazo zinali zodzaza m'dzanja. Anatithyolera zoyamba kupsa. Khungu lofiira moderako, mnofu wachikasu wofiirira m'mphepete, madzi kuyenderera mpaka m'chigongono. Pakati n'potsekemera, pakhungu ndi panjere n'powawasa pang'ono, ndipo njereyo imakanirira kumnofu. Ena mwa ife kuwawasako sanakukonde. Kwa ine n'kumene kumapangitsa pulamu ameneyu kukoma, ndipo ndinaona kuti chikafewa ndithu pamtengo kuwawasa kumachepa.

Koma mayiwo sanatilole kuchoka ndi zokoma zokha. "Abale anga, chaka chatha sindinadyeko ngakhale chimodzi," anatero. Santa Rosa amafulumira kuchita maluwa, ndipo chisanu chikatsika kufika madigiri 2 pansi pa 0 maluwa ali otseguka, amayamba kupserera. Anationetsa mtengo wina womwe anaubzala m'dambo kumunsi: umenewo umavutika pafupipafupi, poti mpweya wozizira umatsetsereka ngati madzi n'kukadikha pamalo otsika. Wapamtundawu umapulumuka zaka zambiri. Pafupi nawo anabzalapo mtundu wina wochita maluwa nthawi yomweyo. Santa Rosa amabereka ngakhale ali yekha, koma njuchi zikamabweretsa mungu wa mtundu wina zipatso zimachuluka.

Pobwerera m'basi munali kukambirana kokhakokha. Wina anafunsa kuti tilembe chiyani kwa mamembala atsopano, abzale kapena ayi. Ine ndinakana kuti tilembe yankho limodzi, poti mitengo itatu yonse ndi yochokera ku mtengo umodzi uja, ndipo palibe mwini wake amene anatinamiza. Tinagwirizana kuti aliyense asunge kope lolembamo tsiku limene masamba ayoyoka, maluwa atseguka ndi zipatso zapsa, komanso apachike chipangizo choyezera kuzizira pafupi ndi mtengo, tiziyerekeza chaka ndi chaka.

Mtengo wanga sindiudulanso. Nyengo yozizira ikubwerayi ndidzakwatitsa Methley, mtundu wina wa pulamu, panthambi ziwiri, poti iyeyo amakhutira ndi maola pafupifupi 250, ndipo bambo a kuchigwa aja andipempha kuti tidzachitire limodzi pamtengo wawonso.