Nkhoma: tsiku limodzi kunja kwa Lilongwe

Kuchokera ku Lilongwe kukafika ku Nkhoma ndi makilomita pafupifupi 50. Mumatenga msewu wa M1 wopita ku Dedza, kudutsa pa Nathenje, n'kukhotera kumanzere pa Kamphata. Pamenepo patsala makilomita ngati 15 a tara, phiri likuonekera kale kutsogolo. Oyenda pa minibasi amatsikira pa Kamphata n'kukwera galimoto zing'onozing'ono kapena kabaza wa njinga yamoto. Pobwerera musadikire mdima, chifukwa zokwera zimasowa ndipo mtengo umakwera.

Tauni yonseyi inamera mozungulira mishoni. Amishoni a Dutch Reformed Church ochokera ku South Africa, A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok, anayambira ku Mvera mu 1889. Mishoni ya Nkhoma inatsegulidwa mu 1896, m'dera la Mfumu Mazengera, nthawi imene Achewa ankakhala m'phiri pothawa nkhondo za Angoni. Pambuyo pake likulu linachoka ku Mvera kudza kuno, ndipo mu 1926 mpingowu unalowa mu CCAP. N'chifukwa chake mpaka lero timati Sinodi ya Nkhoma. Buku Lopatulika, lomwe linatuluka mu 1922, linamasuliridwa motsogozedwa ndi W.H. Murray wa mishoni yomweyi, ndipo sekondale ya William Murray ili pompano. Amene anakulira pa Chichewa cha m'Baibulo lakalelo ayenera kudzapondako kamodzi.

Chipatala chinayamba mu 1915 ndipo chimatchuka ndi za maso, makamaka opaleshoni ya ng'ala. Si malo okajambulako zithunzi. Odwala asiyeni mu mtendere. Nyumba zakale za njerwa zofiira ndi tchalitchi mungaziyendere wapansi ola limodzi. Lamulungu m'mawa anthu amakhala ku mapemphero, choncho wokuyendetsani amavuta kupeza.

Phiri ndilo limafuna kukonzekera. Nyamukani m'mawa dzuwa lisanawawe, ndi madzi malita awiri munthu aliyense komanso nsapato zogwira pansi. Werengerani maola awiri kapena atatu pokwera, malinga ndi mphamvu zanu. Kumunsi njira imadutsa m'minda ndipo imagawikanagawikana. Apa ndi pomwe alendo amasochera, osati pamwamba. Tengani munthu wa m'deralo, ndipo mugwirizane mtengo musananyamuke. Chakumtunda kuli kanyumba kopumirako, ndipo kuchokera apo njira imaima njo mpaka mumagwira miyala ndi manja.

M'dzinja miyala imaterera ndipo udzu umabisa njira. Mu Juni ndi Julayi pamwamba pamazizira, nthawi zina nkhungu imatseka zonse. Mu Seputembala ndi Okutobala utsi wa moto wolusa umabisa zakutali. Meyi ndiye mwezi wabwino: mvula yatha, kumwamba kwayera, ndipo mapiri a ku Dedza amaoneka bwinobwino.